Ulusi Wofiira Pakhosi pa Chitini

Lachitatu limenelo kunacha ndi mvula yamawawa, yosanyowetsa munthu msanga koma yosaleka. Denga la galaja linkadontha pamalo ake atatu a masiku onse. Ndinaika beseni pansi pa dontho lalikulu, kenako ndinakankhira njinga ya Aphunzitsi pouma.

Inali njinga yamoto yakalekale. Mwini wake, mphunzitsi wopuma ntchito, anaibweretsa itadyedwa ndi dzimbiri, nati akufuna ioneke monga tsiku limene anaigula. Ndinakhala nayo milungu itatu. Chigoba cha injini ndinachipala mpaka chitsulo chinayera. Zipsepse zoziziritsa silinda ndinazitsuka chimodzichimodzi ndi bulashi ya waya. Lolemba ndinapopera penti wakuda. Lachitatu linali tsiku loiliza.

Bwana anatuluka mu ofesi kudzaonerera. Ndi mwana wa bwana wakale, ndinamunyamulapo asanayambe kuyenda. Magalasi, mnzanga wowotcherera zitsulo, anakweza magalasi ake pamphumi nabwera nayenso.

Ndinaponda kamodzi, injini inalira. Inalira bwino. Patapita mphindi khumi fungo linasintha. Penti wa pafupi ndi ekizozi anayamba kutupa, kenako matuza anafalikira m'zipsepse zonse ngati khungu lothiridwa madzi otentha. Lina linaphulika, pansi pake panaoneka chitsulo.

"A Chete, mwaphika chiyani?" anatero Magalasi. Chete ndi dzina limene anandipatsa pagalajapo. "Njinga ya Aphunzitsi yatuluka nthomba!"

Palibe anaseka. Ndinazimitsa injini.

"Mdala, mu ofesi," anatero Bwana.

Sanandipatse mpando.

"Penti ameneyu anasankha ndani?"

"Ine."

"Munawerenga chitini?"

"Ndinachiona."

"Sindinafunse zoona." Anapukuta kumaso ndi dzanja. "Aphunzitsi akubwera Lachisanu masana. Mupalenso, mupakenso. Ikapsanso, mukapume. Bambo anga anakhala nanu zaka makumi atatu, ine sindikufuna kukutulutsani ngati mlendo. Koma maso akatopa, atopa basi."

Ndinati, "Ndamva."

Maso anga sanatope. Mng'alu wa pa washala ndimauona ndili pakhomo. Vuto ndi lina. Zolemba za chiyankhulo chathu ndimawerenga, pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Koma zitini za penti zimabwera ndi chiyankhulo chakunja, ndipo ine sukulu ndinaisiyira panjira. Zaka zonsezi pagalaja palibe amene ndinamuuza. Ndinkanyamula chitini, n'kuchitembenuza poyera, n'kukwinya nkhope, n'kunena kuti, "Ameneyu." Onse ankati mdala amawerenga.

Amene ankawerenga anali mkazi wanga. Iye anali telala, ndipo sukulu anapita nayo patali. Ndinkabwera ndi zitini kunyumba zisanatsegulidwe, iye n'kuziwerenga atakhala pamakina ake osokera. Chikakhala cha penti wopirira moto, ankachimanga ulusi wofiira katatu pakhosi, pansi pa chivindikiro. Chikakhala cha penti wamba, wa mageti ndi mipando, ankachisiya. Zosafunika ndinkabweza kusitolo. Pagalaja ndinkangoyang'ana ulusi.

Anamwalira chaka chatha, matenda a shuga. Anandisiyira zitini zisanu ndi chimodzi zomanga. Chomaliza chinatha mwezi wathawu. Nditapita kusitolo ndinapeza kuti mtundu umene ndinauzolowera, wa chitini chakuda cha mzere wasiliva, unasiya kubwera. Ndinaima pa shelefu nthawi yaitali. Kenako ndinaona chitini chokhala ndi chithunzi cha lawi la moto, ndi nambala yaikulu, 400. Ndinati moto ndi umenewu, madigiri ake ndi amenewa. Ndinatenga.

Mukapume. Mawu a Bwana aja anandipeza ndili kale pa benchi ndikumasula injini. Kupuma kwake kuti? Kunyumba kuli zipinda ziwiri ndi makina osokera ofunditsidwa nsalu. M'mawa palibe wondifunsa kuti ndadzuka bwanji. Ndikafika pagalaja, Magalasi amandinyoza, zitsulo zimalira, tsiku limatha. Mwana wanga wamkazi wakhala akundiuza kuti ndisiye ntchito ndikakhale kwa iye, ali ndi chipinda chakuseri. Ndinachiona chipindacho. Zenera lake limayang'ana khoma.

Masana onse ndinapala. Penti wopsa samachoka ngati wamba, amamatirira m'makona ngati phula. Thinala wosungunulira penti anandiwotcha m'ming'alu ya zala. Pakati pa zipsepse ndinalowetsa sandipepa wokulunga pa mpeni wa hakiso yodulira zitsulo, mpata umodziumodzi. Pofika nthawi ya tiyi wamadzulo chigoba chinayeranso. Ndinasamba m'manja, ndinatenga chitini chopanda kanthu cha ulusi chija, ndinapita kusitolo.

Mwini sitolo ndi munthu wapakamwa, ndipo amamwa tiyi ndi Bwana. Chimene wanena pakauntala pake chimakafika kugalaja iwe usanafike.

"Eee, a Chete! Ndamva kuti mwawotcha nyama lero," anatero.

Ndinamuonetsa chitini chakale. "Wonga uyu."

"Uyu ndiye anatisiya kalekale. Koma akuda alipo mitundu isanu ndi inayi, taonani apo. Ine ndikuuzeni inu za penti? Ndinu munandiphunzitsa, ine ndimangogulitsa."

Ndikanatha kufunsa pamenepo. Mawu ake ndi ochepa: wopirira moto ndi uti? Ndinatsegula pakamwa, ndipo kunalowa makaniko wa galaja ya kutsidya kwa msewu, nandipatsa moni waulemu. Ndinatseka.

Ndinapita pa shelefu. Ndinatenga chitini choyamba, chili ndi lawi. Chachiwiri, lawi. Zonse zisanu ndi zinayi zinali ndi lawi lomwelo, lakuda, m'kabokosi kofiira. Zina kutsogolo, zina kumbuyo. Ndinasuntha pang'ono. Pa shelefu yotsatira panali mankhwala opopera udzudzu. Ndinanyamula chitini chimodzi popanda chifukwa. Chinali ndi lawi. Pansi pake, 400.

Ndinaima nacho m'manja. Udzudzu suphedwa ndi madigiri. Lawi lija silinkanena kuti penti amapirira moto. Linkanena kuti chitini chimayaka. Nambala ija inali ya kuchuluka kwa zam'kati. Zaka makumi atatu ndikugwira zitini, ndipo sindinadziwe, chifukwa sindinkayang'ana china koma ulusi.

"Udzudzu wavuta kunyumba?" anafuula mwini sitolo.

"Wavuta," ndinatero, ndi kubweza chitinicho.

Ndinasankha zitatu zooneka zolemera, zokhala ndi zolemba zambiri. Ndinati ndiziyesa ndekha. Chitsulo sichinama.

Lachinayi mvula inali yomweyo. Ndinafika m'mawa anzanga asanabwere. Ndinadula tizitsulo titatu, ndinatipala, ndinapopera kalikonse penti wake, n'kutiika pansi pa babu kuti tiume. Cha m'ma teni ndinayatsa kachitofu kamagetsi kamene timawiritsira madzi a tiyi, ndinatisanjika pamwamba.

Tonse titatu tinafuka. Zimenezo sizinandiuze kanthu, penti wabwino nayenso amafuka akakumana ndi moto koyamba. Kachitsulo koyamba kanatuluka matuza, ndinakataya pamodzi ndi chitini chake. Tiwiri tinatsala tosalala. Nditatiziziritsa ndinakanda ndi chikhadabo. Tonse tinali tofewa mofanana. Ndinatibwezera pachitofu. Palibe kanasintha. Kachitofu ka tiyi sikafika kutentha kwa pakamwa pa ekizozi. Ndinabwereka moto wa gasi wa Magalasi, ndinangodutsitsa kamodzi. Tonse tiwiri tinapsa mpaka kuyera. Moto umenewo umasungunula chitsulo, penti angaime bwanji?

Zitini ziwiri pa benchi. China chinali ndi chivindikiro chakuda ndi chithunzi cha gudumu. China chivindikiro chotuwa, chopanda chithunzi chilichonse kupatula lawi lija. Ndi chinyezi chotere, penti ankayenera kukhala pachitsulo isanakwane folo koloko, kuti agone usiku wonse akuuma. Kupala kachitatu kunalibe. Wotchi ya pakhoma inati kwatsala pang'ono thwelofu.

Mtima unkandikokera ku cha gudumu. Gudumu ndi la galimoto, galimoto ili ndi injini. Ndinachinyamula, ndinachigwedeza, kampira ka m'kati kanalira. Kenako ndinakumbukira kuti lawi nalonso ndinalimasulira chomwecho. Ndinachibwezera pa benchi. Ndinaika manja m'matumba.

"Mwakhala mukuzipenyetsetsa kuyambira m'mawa ngati mukufuna kufunsira chimodzi," anatero Magalasi ali kumbuyo kwanga. "Kapena ndikuwerengereni, agogo?"

Ankaseleula. Ndinadziwa kuti akuseleula. Komabe mawu akuti inde anafika mpaka m'mano. Chitseko cha ofesi chinali chotsegula, Bwana ali pafoni, maso ali kuno.

"Wotcherera zako," ndinatero.

"Ndi zimenezo. Munthu ukamuthandiza, amakuluma."

Ndinaika zitini ziwirizo m'jumbo, ndinavala jekete, ndinatuluka.

Mwana wanga amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, kuyenda kwa theka la ola. Njira yonse ndinkawerengera zimene zichitike. Ndikamuuza, adziwa kuti bambo ake akhala akunamizira moyo wonse. Adzati, mwaona, bwerani kuchipinda chija. Ndikapanda kumuuza, injini ipsa, ndipo ndidzapitabe kuchipinda chomwecho. Kawiri konse ndinaima pansi pa khonde la sitolo za eni ndikufuna kubwerera. Madzi analowa m'nsapato yakumanzere.

Ndinampeza akupatsa mayi wina mankhwala a chifuwa. Atandiona, nkhope inagwa.

"Bambo! Mwadwala?"

"Ayi."

"Nanga masana ano? Mwanyowa chonchi?"

Anauza mnzake kuti agwire kauntala, nanditengera kukachipinda ka kumbuyo kodzaza makatoni. Anandikhazika pa sitululo. Ndinatulutsa zitini, ndinaziimika pa katoni. Ndinali nditakonza mawu panjira, koma onse anathawa.

"Izi," ndinatero. "Sindi..."

Sanadikire. Anatenga cha gudumu, anachitembenuza, anapita molunjika pa timalemba ta pansi, monga munthu wodziwa pamene ayang'ane.

"Uyu ndi wa malimu a matayala. Amathera pa madigiri 90. Mukamupaka pa injini apsa musanamalize kumwa tiyi." Anatenga chotuwa. "Uyu ndiye. Mpaka 650. Wa injini ndi ekizozi. Akuti pachitsulo choyera, osayamba ndi penti wapansi. Katatu, mopyapyala, mphindi khumi pakati. Akauma, kuliza injini pang'ono, kuziziritsa, kulizanso."

Zomalizazo ndinkazidziwa. Chimene sindinkadziwa ndi kufulumira kwakeko.

"Unaphunzira kuti za penti?"

Anaika chitini pansi. Anayang'ana makatoni.

"Chaka chomaliza chija amayi sankaona timalemba, Bambo. Shuga anali atawadya maso."

"Ankawerenga."

"Ankakuuzani kuti siyani pamenepo, ndiwerenga mawa kukawala. Si choncho?"

Ndi choncho. Ankatero. Ndinkaganiza kuti watopa.

"Mukapita kuntchito ankandiimbira. Ndinkabwera nthawi ya nkhomaliro, ndikuwerenga, iwo akumanga ulusi. Kumanga ankamanga okha, sankalola. Ankati mfundo yanga muizindikira."

"Unkadziwa."

"Kuyambira ndili sitandade faifi. Munkasaina lipoti langa la sukulu mutaligwira bwinobwino, koma maso ali pa amayi."

Ndinayang'ana nsapato yanga yonyowa. Pansi panali patachita kadziwe.

"Anandiletsa kukuuzani," anatero. "Anati bambo ako ndi chitsulo chakale, ukachikhotetsa mwamphamvu chimathyoka. Zitini zija zitatsala pang'ono kutha, ndinkadikira kuti mubwera. Ndinkawerengera. Ndinati mwezi uno zatha. Simunabwere."

"Ndinagula cha lawi."

"Zonse zili ndi lawi, Bambo!"

"Ndi cha udzudzu chomwe."

Anaseka, kenako anagwira pakamwa, misozi ikutsika. Ine sindinaseke. Ndinamuuza za matuza, za Lachisanu, ndi mawu a Bwana. Anamvetsera osandidula.

"Chipinda chija chilipobe," anatero pomaliza.

"Ndikudziwa."

"Sindikuti lero." Anandipukuta kolala ya jekete ndi dzanja. "Loweruka lililonse muzibwera ndi zitini zanu. Muzidyanso komweko, mwaonda. Ulusi uli m'kabati ya makina, yakumanzere. Kapena simunatsegulebe?"

Ndinanyamula chitini chotuwa. Cha gudumu anandilanda, nati chitsale ndingasokonezenso.

Ndinafika kugalaja thuu koloko itadutsa. Ndinanyamula chigoba ndi silinda kupita nazo mu stolo ya zipangizo, momwe simudontha. Ndinatseka zenera ndi katoni, ndinayatsa mababu awiri kuti achotse chinyezi. Ndinapukuta chitsulo ndi thinala komaliza, ndinatseka mabowo ndi nyuzipepala. Chitini ndinachiika m'khwapa kanthawi kuti chifunde, kenako ndinachigwedeza mpaka mkono unawawa. Koyamba ndinangopemerera, chitsulo chikuonekerabe pansi. Dzanja linkafuna kuwonjezera. Ndinalikaniza. Ndinadikira mphindi khumi ndikuyang'ana wotchi, ndinapoperanso. Kachitatu kanatha folo isanakwane.

Lachisanu mvula inakula. Ndinamanga injini m'mawa wonse, nsalu ili m'manja kuti sipanala isakande. Penti anali wouma koma wanthete. Itakwana leveni ndinaliza injini mphindi khumi, chitseko cha kumbuyo chili chotsegula. Inafuka. Ndinazimitsa, ndinakhala pa tayala kudikira kuti izizire. Matuza panalibe, koma moto weniweni unali usanafike.

Aphunzitsi anafika nthawi isanakwane, ambulera ili m'manja, nsapato zopolisha. Bwana anathamanga kukawalandira. Ndinali nditangoliza kachiwiri.

"Iii, mwana wanga uja!" anatero Aphunzitsi, akuizungulira njinga. "Tamverani mawu akewo."

Ndipo utsi unayamba. Woonda, wabuluu, ukukwera kuchokera pakamwa pa ekizozi, pomwe panayambira matuza Lachitatu. Fungo linadzaza galaja. Magalasi anazimitsa makina ake.

"Kodi ikupsa?" anafunsa Aphunzitsi.

Bwana anandiyandikira, nalankhula motsitsa. "Zimitsani, mdala."

"Ayi."

"Ndati zimitsani. Musandichititse manyazi pamaso pa kasitomala."

"Penti akupsa kuti alimbe. Mphindi makumi awiri."

"Lachitatu munatinso..."

"Lachitatu sindinanene kanthu."

Anatambasula dzanja kuti akhotetse kiyi. Ndinaika langa pamwamba pa kiyiyo. Sindinamugwire. Ndinangoliika pamenepo. Tinayang'anana. Anali ndi maso a bambo ake, koma bambo akewo ankadziwa fungo la penti.

Mumtima ndinalibe chitsimikizo chilichonse. Ndinali ndi mawu a mwana wanga ndi nambala imene sindinaione ndi maso anga. Mwina chinyezi chinalowa. Mwina ndinapaka mokhuthala m'makona. Ndinayang'ana chipsepse chachitatu kuchokera pamwamba, pomwe ndinkakayikira, ndipo ndinaona ngati pakutupa. Ndinaphethira. Linali dontho la denga, linagwa n'kuuma nthawi yomweyo ndi kaphokoso.

"Musiyeni mdala, bwana," anatero Magalasi. "Ikatuluka nthomba, ndikaigoneka ndekha kuchipatala."

Aphunzitsi anaseka. Bwana anachotsa dzanja.

Mphindi khumi ndi zisanu utsi unachepa. Zisanakwane makumi awiri unatha. Ndinazimitsa. Tinaima anthu anayi kumvera chitsulo chikulira tik, tik, pozizira. Aphunzitsi ankafotokoza za ulendo wina wa kale pa njinga yomweyo. Sindinamve ndi liwu limodzi lomwe.

Itazizira ndinagwada. Ndinayendetsa chala m'zipsepse zonse. Ndinakanda ndi chikhadabo pakamwa pa ekizozi, mwamphamvu. Sipanatsale mzere. Bwana anagwada nayenso, thalauza lake labwino lili pa oyilo, nakanda pomwepo. Anadzuka, naperekeza Aphunzitsi ku ofesi.

Atabwerako anandipeza ndikutsuka masipanala.

"Lolemba kukubwera jenereta ya ku bekare," anatero. "Chigoba chonse ndi dzimbiri. Mukatenge penti mawa."

"Zitini ndizipita nazo kaye kwa mwana wanga."

"Kukatani?"

"Zimawerengedwa kumeneko."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinapitiriza kutsuka sipanala imene inali itayera kale.

"Bola zizibwera Lolemba," anatero, nalowa mu ofesi.

Poweruka mvula inali itasiya. M'chitini chotuwa munali mutatsala penti pang'ono, ndinapita nacho kunyumba. Ndinavundukula makina osokera, ndinatsegula kabati yakumanzere, ndinatenga ulusi wofiira ndi kumanga katatu pakhosi pa chitinicho.